Mzere wa Jakaranda wa a Kamphinda

A Lawrence Kamphinda chikamwini chinawapeza mochedwa, ali ndi imvi kale. Anzawo amayamba ukamwini ali anyamata, msana ukadali wofewa woti n'kuwerama pamaso pa apongozi. Iwo anauyamba ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, penshoni ili m'thumba, mutu utadzaza nzeru za mu ofesi zimene kumudzi sizigula ngakhale mchere. Nkhani yawoyi amaifotokoza okha kwa aliyense wokhala pakhonde pawo, ndipo woyamba kuseka amakhala iwo omwe.

Kwawo ndi ku Tsangano, ku Ntcheu, kumene kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Anabwera ku Domasi ali mnyamata kudzagwira ntchito yotaipa makalata pa koleji ina. Kumeneko anaona Lukiya, mtsikana wa Chiyao amene ankayenda ndi mpunga pamutu, kugulitsa m'nyumba za aphunzitsi. Mngoniyo anagula mpunga wokwana kudyetsa koleji yonse mtsikanayo asanavomere. Anakwatirana, bambo n'kumapita kutchalitchi, mayi n'kumapita kumzikiti, nkhumba n'kutsanzikana nayo mpaka kalekale. Anabereka mwana mmodzi, Munira, amene pano ndi namwino ku Blantyre. Zaka zoposa makumi atatu anakhala m'nyumba ya koleji, ndipo m'nyumba ya koleji mwamuna amadziona ngati mwini mudzi chifukwa makiyi amasainira ndi iye. Choncho a Kamphinda anakalamba osadziwa kuti iwo ndi mkamwini amene wangochedwa kufika.

Mu 2014 ntchito inatha, makiyi anabweza, ndipo anasamukira kwawo kwa mkazi, m'dera la Malemia, kumtunda kwa chigwa kumene phiri limachita kukuyang'ana pankhope. Malo omangapo nyumba anawapatsa ndi Che Hamadi, mlongo wa a Lukiya, mwini mbumba, munthu wa malonda a mpunga amene mawu amawatulutsa ngati akugula. Che Hamadi analoza ndi ndodo: kuyambira pa chulu icho, kutsata kanjira aka, mpaka pamwala apo. A Kamphinda anagwedeza mutu, koma maso awo anali kuphiri.

Juni woyamba m'nyumba yatsopano, nkhungu inatsika m'phiri, chiperoni chili waa. A Lukiya anafunda zitenje ziwiri n'kumadandaula. A Kamphinda anatuluka panja ndi malaya okha, mtima uli myaa. Kuzizira kumeneku ankakudziwa. Kunali kwa ku Tsangano, kumene mwezi wa Ogasiti mitengo ya mapichesi imachita maluwa masamba asanaphuke, mudzi wonse n'kuoneka ngati wavalira ukwati. Anapukwa kwawo m'mawa umenewo kuposa zaka zonse zam'mbuyo, ndipo anaganiza kuti m'malo moti iwo apite ku Tsangano, Tsangano ndiye abwere.

"Mayi a Munira, pano pangamere mapichesi," anatero ali pakhomo.

"Amere," anayankha a Lukiya. "Bola mutseke chitsekocho."

Anayamba ndi jakaranda, chifukwa njere zake n'zongotola. Anthu anawaona ku Zomba, munthu wamkulu wovala taye, atawerama m'mbali mwa msewu akutola makoko pansi pa mitengo. Njerezo anazifesa m'mapaketi a shuga kuseri kwa nyumba. Mvula itayandikira anakwera minibasi kupita kwawo, n'kubwerako ndi mbande zisanu za mapichesi atazikumbatira pamiyendo ngati mwana wodwala.

Ife a m'chigwa muno mtengo timaufunsa mafunso awiri okha: kodi umadyedwa, kodi umayaka? Mango, mapeyala, bulugama, amenewo tinawalola kalekale. Ndiye anthu odutsa ankaima pa nazale ya a Kamphinda n'kufunsa mwaulemu kuti jakarandayo zipatso zake zimakoma bwanji.

"Sadyedwa ameneyu," ankayankha iwo monyadira. "Amangoonedwa."

Anthu ankathokoza n'kumapita, kuseka n'kukayambira kuseri kwa chulu.

Mapichesi anawabzala pafupi ndi nyumba, ndipo pamenepo panalibe mlandu. Mlandu unabadwa tsiku la jakaranda. A Kamphinda anatuluka ndi chingwe, tepi ndi zikhomo ziwiri. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuwongola mizere papepala sangapirire chinthu chokhota, ndipo kanjira kamene Che Hamadi analoza kankakhota ngati mchira wa nyani, kulowera cha kunyumba kenako n'kutulukanso. Anakhoma chikhomo pa chulu, china pamwala, n'kukoka chingwe kuti nga. Chingwecho chinadutsa m'munda wa alamu awo, umene unali utangokumbidwa chinangwa, n'kudulako mizere itatu. Iwo anaona ndithu. Koma anati mumtima, mizere itatu n'chiyani pakati pa abale, poti maluwawo tiziwaonera limodzi. Anakumba maenje asanu ndi awiri otalikirana mofanana, kuthira manyowa, n'kubzala.

Kuno mkamwini amabzala zimene zimatha ndi nyengo: chimanga, nandolo, mbatata, zoti tsiku lomuuza kuti anyamuke asasiye mtima m'munda. Mtengo amabzala ndi munthu wokhala. Ndipo mitengo yoima pamzere m'mphepete mwa munda si maluwa ayi, ndi malire. Zimenezi a Kamphinda anazimvapo, koma ankayesa kuti zimakhudza akamwini ena, opanda penshoni.

A Lukiya ataona mzerewo anagwira pakamwa.

"Bambo a Munira, achimwene mwawafunsa?"

"Ndiwafunse chiyani? Ndi maluwa awa, si nyumba."

"Angoni inu," anatero mayiwo, n'kubwerera kukhitchini.

Madzulo ake Che Hamadi anadutsa pa njinga. Anaima, n'kuyang'ana mzerewo kuchokera pa chulu mpaka pamwala, kenako anapereka moni n'kupitirira. A Kamphinda anakauza akazi awo kuti alamu aikonda mitengo ija.

Walira mvula walira matope. Mbuzi zinadya mbande ziwiri za mapichesi sabata yoyamba, ndipo a Kamphinda anamangira zotsalazo mipanda ya nsungwi yaitali kuposa mbande zimene ankatchingazo. Mbuzi zitagonja kunabwera chiswe, iwo n'kumayenda m'makhitchini mwa eni kupempha phulusa. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ankatsikira kumtsinje ndi kheni kasanu m'mawa, kasanu madzulo, kudutsa pakati pa amayi ochapa. Amayiwo anasiya kuwafunsa za Munira. Moni wawo unali woti, "Ana aja adzuka bwanji, amwa?" Iwo ankayankha kuti amwa, n'kukwera chitunda atagwira msana.

Chaka chachitatu, Ogasiti atazizira bwino, mapichesi atatu aja anachita maluwa. Nthambi zinali zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma maluwa a pinki ali mbuu. A Kamphinda anaima pansi pake n'kulira, kulira kwenikweni, chifukwa anakumbukira mayi awo ndi bwalo limene anakulirapo. Akazi awo atawapeza, a Kamphinda anati ndi mphepo yalowa m'maso. Zipatso zake ndiye zinachititsa manyazi. Zinali zazing'ono ngati masau, zolimba, m'kati muli mphutsi. A Alima, mng'ono wa a Lukiya, amene anali atangobwerera kumudzi kuchokera ku Liwonde ndipo pakamwa pawo palibe chotsekera, analuma limodzi n'kuliyang'ana.

"Alamu, koma zipatso za kwanu n'zaulemu," anatero. "Zimabwera ndi ndiwo zake m'kati momwemo."

Jakaranda anawadikiritsa zaka zisanu ndi ziwiri. Anangokula, kutambasula nthambi, osaonetsa kanthu, mpaka a Kamphinda anayamba kukayika ngati anatola njere zolondola. Ndiye Sepitembala wina mzere wonse unasanduka pepo, kuchokera pa chulu mpaka pamwala. Okwera njinga opita ku Naisi ankatsika n'kuima. Atsikana ankabwera kudzajambulitsa pa foni. Amene ankaseka kuseri kwa chulu aja anayamba kulozera alendo awo njira kuti, mukafika pa mitengo ya maluwa mukhotere kumanja. A Kamphinda anayenda mwezi wonse chifuwa chili patsogolo ngati maluwawo achita iwo.

Koma maluwa a jakaranda amagwa, ndipo amagwa tsiku lonse. A Lukiya ankasesa m'mawa, pofika masana bwalo ladzazanso. Amuna awo ankawapempha kuti asiye, akuti kukongola kwake ndi komweko.

"Inu mukuona maluwa," anatero a Lukiya, tsache lili m'manja. "Anthu odutsa akuona mkazi waulesi."

Nkhondo imeneyi sinathe, chaka chilichonse inkayambiranso. Komabe tsiku lina a Kamphinda akuchokera kutchalitchi anawapeza mayiwo atayala mphasa pansi pa mitengoyo, akusankha mpunga, maluwa akugwera m'lichero, iwo n'kumawachotsa limodzilimodzi osadandaula. Anabwerera mwakachetechete n'kukalowera kuseri, kuopa kuti akawaona adzuka kukatenga tsache.

Kutsidya kwa mzerewo zinthu sizinkakongola chimodzimodzi. Mthunzi ndi mizu ya jakaranda zinafooketsa chinangwa cha Che Hamadi, ndipo mizere itatu ija inasanduka isanu ndi umodzi yosalimidwa. Che Hamadi sananene kanthu. A Kamphinda anaona kuti alamu awo ndi munthu wokonda maluwa mwakachetechete.

Mu Ogasiti 2024 a Lukiya anagwa pakhonde akuanika mpunga. Anakhala m'chipatala masiku anayi, n'kumwalira m'mawa wa tsiku lachisanu. Anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu. Kwawo kwa a Kamphinda maliro amagona, munthu amapeza nthawi yokhulupirira. Kuno iwo anali asanavomereze kuti mkazi wawo wapita, anthu akubwerako kale kumanda. Masiku otsatira ankadzuka, kuthirira mitengo imene sinkafunanso kuthiriridwa, n'kukhala pakhonde. Nyumba inawakulira.

Patatsala sabata kuti ichitike sadaka ya masiku makumi anayi, imene kuno amati arubaini, a Alima anabwera kudzawauza dongosolo. Sadaka ikatha, mbumba idzakhala pansi kuti iwasudzule, ndiko kuwamasula kuti ukwati watha, ali ndi ufulu wobwerera kwawo.

Mawu akuti kwawo anawalasa. Ku Tsangano nyumba ya makolo inagwa kalekale, munda anagawana ana a alongo awo. Munira ankawaitana pa foni kuti akakhale naye ku Blantyre, m'nyumba ya lendi ya bwalo la simenti. A Kamphinda sankafuna Tsangano, sankafuna Blantyre. Ankafuna kukhala pomwepo, pa nyumba imene anamanga ndi mkazi wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha kuti mlendo ndi mame.

"Komanso alamu," anapitiriza a Alima, "nkhani ya mitengo ija idzatuluka."

"Mitengo yatani?"

"Mukufunsa kuti yatani? Mkamwini kuika malire pamudzi pa eni, kudya munda wa achimwene zaka khumi! Achemwali ndi amene ankakutchingirani. Lero kulibe."

A Alima atapita, a Kamphinda anakaima pa chulu n'kuyang'ana mzere wawo wowongoka uja. Anauona tsopano mmene mudzi wonse unkauonera zaka zonsezi, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anaganiza masiku asanu. Nzeru imene anaipeza inali yoti akabweza munda sadaka isanafike, mwina alamu awo adzawamvera chisoni n'kuwalola kukhala.

M'mawa wa tsiku loti mawa ndi sadaka, anatenga nkhwangwa kuseri kwa chitseko. Nkhwangwayo inali ya pakhomo pawo pomwepo, koma sankadziwana nayo, chifukwa nkhuni ankawaza ndi a Lukiya. Mitengo inali itadzaza maluwa. Anasankha wapakati, umene unalowa kwambiri m'munda wa alamu, n'kuupepesa mumtima. Atatema koyamba nkhwangwa inadumpha, kutsala pang'ono kuwasenga mwendo. Atatema kachiwiri maluwa anawagwera m'mutu ndi m'khosi. Patatha ola lathunthu manja anali matuza okhaokha, malaya atanyowa, misozi ndi thukuta zitasakanikirana, koma mtengo unali utangodulidwa theka.

Che Hamadi anatulukira pakanjira akukankha njinga, thumba la mpunga wa sadaka lili pakaliyala. Anaimika njingayo bwinobwino.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikubweza mizere yanu, alamu," anayankha a Kamphinda akupuma mwabefu.

"Mtengo umenewo ndi wa ndani?"

"Ndi wanga. Ndinabzala ndine."

"Unamera pa nthaka ya ndani?"

A Kamphinda anatsitsa nkhwangwa.

"Kubzala simunafunse," anatero Che Hamadi. "Kudulanso simukufunsa. Kodi kukoleji kuja ankakuphunzitsani chiyani?"

Anawalanda nkhwangwa, kuimangirira pamwamba pa thumba la mpunga, n'kumapita. A Kamphinda anadziwa kuti zatha, mlandu umodzi wasanduka iwiri. Analowa m'nyumba n'kulongedza sutikesi. Kenako anatsitsa taipilaita yawo yakale pamwamba pa kabati, ndipo ndi zala zamatuza anataipa sipichi ya masamba awiri, yopepesa ndi kutsanzika. Anaiwerenga kawiri n'kukonza makoma ndi mafulusitopu.

Tsiku la sadaka anthu anapemphera, anadya, n'kubalalika dzuwa litapendeka. Otsala anayala mphasa pakhonde: Che Hamadi, a Alima, Munira, mayi aang'ono a malemu amene ndi okalamba kwambiri, ndi Anthony, mwana wa mlongo wa a Kamphinda, amene anachokera ku Tsangano kudzaimira akuchimuna. Che Hamadi anachita mwambo mwachidule. Anathokoza a Kamphinda posunga mlongo wawo zaka makumi anayi, nati ukwati watha ndi imfa, palibe mangawa, mwasudzulidwa. A Kamphinda anapisa dzanja m'thumba la jekete kuti atulutse sipichi. Che Hamadi anakweza dzanja.

"Sindinathe. Pali nkhani ya mitengo."

Munira anayang'ana bambo ake, maso ali ndi misozi.

"Chinangwa changa chinafa ndi mthunzi wanu," anatero Che Hamadi. "Zinandipweteka, ndisaname. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo mtima umandiwawa. Koma tsiku munabzala lija, nditaona, madzulo omwewo tinakhala pansi anthu atatu, ine, mayi awa ndi malemu. Kuno mkamwini akabzala mtengo ndiye kuti akutiuza kuti ine ndifera pompano. Inu munatiuza kasanu ndi kawiri, pamzere. Tinakangana, mlongo wanga analankhula zambiri, mapeto ake tinavomera. Tikanakana, mbande zija sizikanaona dzuwa la mawa lake."

A Kamphinda anakhala kukamwa kuli yasa, pepala lili m'manja.

"Ndiye kuti nkhani inatha zaka khumi zapitazo?"

"Inatha."

"Nanga bwanji simunandiuze, alamu?"

"Tikuuzeni chiyani, poti inu munali mutadzipatsa kale?" anatero Che Hamadi. "Dzulo ndiye munatisokoneza. Munthu akadula mtengo wake ndiye kuti akutsanzika. Choncho tikufuna timve pamaso pa anthu awa. Mukupita, kapena mukukhala?"

Munthu wa sipichi ya masamba awiri anapinda pepala lija. Anayesa kawiri kuyankha, ndipo kachitatu anangotulutsa liwu limodzi, laling'ono ngati la mwana wa sukulu.

"Ndikukhala."

"Khalani," anatero mayi okalamba aja, amene anali asanalankhulepo. "Koma nkhwangwa musamaigwire."

A Alima, amene za msonkhano wakalewo sankazidziwa, anadziteteza kuti iwo anangoti nkhani idzatuluka, sananene kuti munthu adule mtengo. Anthony anabwerera ku Tsangano m'mawa mwake yekha. Sutikesi inakhala yolongedza sabata ina yathunthu, chifukwa a Kamphinda ankachita manyazi kuti Munira awaone akumasula.

Mtengo wovulala uja anaumata ndi dothi, kuukulunga ndi chiguduli, n'kuuchirikiza ndi nsungwi. Unamaliza maluwa ake a chaka chimenecho, unaphukanso masamba, mpaka iwo anayamba kudzitama kuti ndi dokotala wa mitengo. Mphepo ya mvula yoyamba mu Disembala inauthyola pa bala lomwelo. Che Hamadi anabwera ndi nkhwangwa ija n'kuuduladula okha, a Kamphinda ataima patali monga anawalamulira.

Lero mzerewo uli ndi mitengo isanu ndi umodzi, ndi mpata pakati ngati munthu wagulula dzino. Alendo akafunsa kuti wapakatiwo unapita kuti, a Kamphinda amayankha kuti anaudula munthu wina wophunzira kwambiri. Che Hamadi anawauza kuti akafuna abzalepo wina, ulendo uno mwachilolezo. Iwo anathokoza, nati aganize kaye, ndipo mpaka pano akuganizabe. Ukakhala pakhonde pawo n'kuyang'ana pampata pamenepo, maso amadutsa munda wa chinangwa n'kukafika pa kankhalango ka kumanda kumene anagona a Lukiya. Mtengo uja ukadalipo malowo sankaoneka. Mpando wawo anausunthira pamenepo, ndipo tiyi wam'mawa amamwera pomwepo.